Khadi la Américo Lili M'manja mwa Apongozi

Okondedwa amalume a Mikayeli,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu kumeneko ku Kasungu, pamodzi ndi mayi akunyumba ndi ana onse. Kodi bondo lija linasiya kukuvutani? Ife kuno ku Milange tadzuka, Mulungu akutisunga. Mlongo wanu, amayi anga, ali bwino. Maso okha ndiwo akuchepa mphamvu, koma pakamwa mphamvu zilipo zonse.

Ndine Bernardina. Foni yanu tikaimba amangoyankha mzimayi wachizungu, ndiye ndati ndilembe, ndipatsire adalaivala a lole ya nandolo.

Nyumba ija inagwa ndi namondwe taimanganso, ya njerwa zootcha. Kamlatho ka kumunda akakonza. Tchalitchi chokha ndicho chikadali chopanda denga, moti timapemphera maso ali kumitambo.

Nkhani yaikulu ndi iyi: mlongo wanga Américo wabwera kuchokera ku Lisboa, kutsidya kwa nyanja, kumene ankagwira ntchito yomanga. Wabwera wonenepa, ndi nsapato zofiira, ndi mtima wofuna kukwatira. Mtsikana wake ndi Constância, mwana wa mayi Adelina, aja munawoloka nawo mtsinje wa Ruo usiku umodzi pothawa nkhondo. Zonse zinkayenda bwino, amalume. Tinali titayamba kale kunenepetsa nkhumba.

Koma Américo wabweranso ndi matenda a liwiro.

Akuti kumeneko kuli sitima zoyenda pansi pa nthaka ngati mfuko, ndipo anthu okhuta amachita mpikisano woti aone amene angafike pa masiteshoni onse msanga. Iye anali m'gulu lawolo. Tikiti yake si pepala ayi, ndi khadi lolimba limene amaligunditsa pa makina a pachipata, makinawo n'kulira kuti pii, chipata n'kutseguka. Khadilo limakumbukira paliponse pamene mwini wake wadutsa, choncho bodza palibe.

Malamulo ake anatilakatulira mpaka tinawaloweza ngati katekisimu. Munthu mmodzi, khadi limodzi. Osabwerekana. Osadutsa pachipata kumbuyo kwa mnzako. Polowa ugunditse, potuluka ugunditsenso. Ndipo wofika kumapeto wopanda khadi, ngakhale atathamanga chotani, sanayende.

Amayi anafunsa ngati khadi limenelo amalandirira ufa ndi nyemba, ngati lija la kumsasa wa othawa nkhondo. Atamva kuti ayi, anati ndiye ndi lachabe.

Basi Américo anaganiza zoti Milange nayenso achite mpikisano wotere, kuti olowa aliyense apereke kangachepe ka malata a tchalitchi. Abambo mfumu atamva mawu oti malata anavomera asanamve zotsalazo. Mphoto yake inali tambala wa amayi, amene Américo anamulonjeza osawafunsa.

Sitima tilibe, ndiye anati aliyense akwere chimene chapezeka, kaya minibasi zathu zija timati shapa, kaya njinga ya kabaza, kaya miyendo yake. Masiteshoni anali pamsika, pachigayo, pamjigo, pakamlatho, kuchipata cha malire, n'kudzathera patchalitchi. Makhadi anadula ku katoni ya sopo. Iye yekha ndiye anasunga lake lenileni la ku Lisboa, lobiriwira, akuti ndi lamwayi.

Makina nawonso tilibe. Anasankha anthu a m'kwaya, aliyense n'kumukhazika pampando pa siteshoni yake atatambasula dzanja. Wothamanga akagunditsa khadi pachikhatho, makinayo adinde chala cha inki pakhadipo n'kunena kuti pii. Ndipo anakhwimitsa lamulo limodzi: makina sapatsidwa moni. Akuti chimene chimachedwetsa dziko lathu lino ndi moni.

Amalume, munayamba mwaonapo munthu wa kuno akudutsa mnzake osamufunsa za kunyumba? Tsiku la mpikisano ena anangofika pamsika n'kuyamba kucheza ndi makina. Wina anakhala pansi pachigayo kupepesa maliro a mwezi watha. Makina a pamjigo anakana kunena pii kwa mlamu wawo chifukwa cha nkhani ya mbuzi. Ine ndinali makina a patchalitchi, ndipo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Américo yekha ndiye ankauluka, atakwera kumbuyo kwa kabaza, chipewa chatsekereza kumaso, magalasi akuda, mutu pansi.

Tsono pakamlatho pali mpando pansi pa mtengo wa mango. Makina a pamenepo, mayi wina wa m'kwaya, anaona ng'ombe zikulowa m'dimba mwake, n'kuthamangira komweko. Nthawi yomweyo mayi Adelina anatulukira kuchokera kumunda ndi dengu la chinangwa. Ataona mpando wopanda munthu anatula dengu, nakhala kuti apume.

Akuti ataona mkamwini wawo wa mawa akudumpha panjinga n'kuthamangira kwa iwo, mtima unawakomera. Anaganiza kuti mwanayu ngwaulemu, watsikira iwo. Anatambasula dzanja kuti alandire moni.

Amalume, ndikulemba izi manyazi akundigwira. Américo sanayang'ane n'komwe nkhope. Anawamenya khadi pachikhatho kuti phwa! Ataona kuti makina ali chete, ananena yekha kuti pii, nawonjeza kuti makina ena ndi akale, ofunika kusintha. Anakoka khadi, koma mayi Adelina anali atafumbata. Dzanja lolima chinangwa mukulidziwa. Poona kuti anzake akumupeza, anasiya khadilo n'kudumphira panjinga, akukuwa kuti adzawaneneza kwa abambo mfumu.

Anafika patchalitchi woyamba, thukuta kamukamu, manja m'mwamba. Ine monga makina ndinatambasula dzanja. Khadi palibe. Ndinamukumbutsa lamulo lake lomwe, kuti wofika wopanda khadi sanayende. Tambala anapita kwa wina amene anafika dzuwa litapendeka, atadya nawo mphale m'nyumba ziwiri panjira.

Kutaya tambala si kanthu. Madzulo ake Constância anabwera kwathu maso ali psuu, kudzanena kuti amayi ake athetsa zonse. Akuti mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu amene amalizira apongozi ake pii pamsewu, anthu akuona. Américo atamva kuti makina akale aja anali ndani, anakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi nsapato zake zofiirazo.

Wayesa zonse. Anapita kukagwada kunja kwa mpanda, iwo n'kumangosenda chinangwa. Anatumiza chitenje, chinabwerera. Abambo mfumu anapitako, anawalandira bwino, kuwaphera nkhuku, koma pa nkhaniyo anawauza kuti za denga ndi zawo, za mbumba ndi za eni mbumba. Khadi lija mayi Adelina analimangirira pa nsonga ya chitenje, ndipo amapita nalo kumsika, kumene ana akangoona Américo amayamba kulira pii.

Ine ndinaseka sabata yoyamba, sindinama. Pano sindikusekanso. Mlongo wanga sakudya, waonda, ndipo wayamba kupereka moni ngakhale kwa anthu amene wawapatsa kale. Constância naye akungolira. Awiriwa amakondana zenizeni, ndipo ndikuopa kuti zikakanika Américo abwerera ku Lisboa osadzabweranso. Amayi sangapirire zimenezo kachiwiri.

Mawu a mayi Adelina ndi amodzi. Akufunsa ngati mnyamatayu alibe malume. Akuti khadilo adzalipereka m'dzanja la a Mikayeli okha, mwini mbumba, atakhala pamphasa pakhomo pawo n'kupereka moni wonse bwinobwino, kuyambira wa anthu mpaka wa nkhuku. Akutinso ali ndi mafunso awo kwa inu, oti anzanu onse anabwerera mtendere utabwera, nanga inu munasochera kuti.

Ndikudziwa kuti simufuna kuona malo amene munasiya akuyaka moto. Amayi anandiuza, ndipo sindikukuweruzani. Koma pamalo pajapo pano pali nyumba ya njerwa, ndipo chipinda chimodzi amayi amachisesa m'mawa uliwonse, osalola munthu kugonamo.

Dzulo Américo, ali khale pakhonde, anatiuza lamulo lina limene anali asanatiuze. Akuti munthu akagunditsa khadi polowa koma osagunditsa potuluka, makina amawerenga kuti ulendo wake sunathe, ngakhale papite nthawi yaitali bwanji. Amayi anatembenukira kukhomo la chipinda chija. Kenako anati ndiye kuti wa Mikayeli sunathe.

Bwerani mudzautsirize, amalume. Bwerani mvula isanayambe, nkhumba isanatithere gaga. Mukawoloka pa Muloza mudzandipeza ndikudikira, ndipo Américo walonjeza kuti adzakunyamulirani chikwama akuyenda pang'onopang'ono, pambuyo panu.

Mundiperekere moni kwa mayi akunyumba, kwa ana, ndi kwa onse otidziwa kumeneko. Amayi akuti musabwere ndi kanthu, mubwere ndi nkhope yanu basi, aione maso asanatheretu. Ambuye akusungeni, akuongolereni njira.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Bernardina