Ndawanamiza adokotala pamaso pa apongozi

Lachinayi, mu Meyi. Tsiku loipa, mtima sukukhazikika.

Zala zatupanso, chikwakwa chodulira mpunga chikundikanika kugwira. Apongozi, mayi a amuna anga, andiperekeza kuchipatala kuchokera kuno ku Lifuwu. Adokotala akuti si nyamakazi wamba: chitetezo cha m'thupi mwanga chikulimbana ndi thupi langa lomwe, ndipo mankhwala ake amafooketsa chitetezocho.

Kenako andifunsa kuti, "Mayi, munadwalapo TB? Tizilombo take timatha kubisala m'thupi, mankhwalawa angatidzutse."

Apongozi ali pambali panga pomwepo, maso pa ine. Ndati ayi.

Chonsecho ndinadwala ndisanakwatiwe, ndipo mankhwala ndinasiyira panjira chifuwa chitangoleka. Kubanja kuno palibe akudziwa. Ukangotchula TB, anthu amathamangira kuganiza za matenda ena aja.

Pobwerera apongozi amvekere, "Muyambe kumwa lero lomwe, mpunga ukuyoyoka kumunda."

Mapiritsi ali patebulo, sindinawakhudze. Apongozi andifunsa kale kawiri ngati ndamwa. Mawa ndipita ndekha kuchipatala ndikanene zoona, kaya pakhomo pano ndinamizira chiyani.

Ndangotsokomola pomwe ndikulemba pano. Mwina ndi fumbi la mpunga. Mwina...