Mphuno ya Atate

Lolemba, 12 Malichi 1990

Maliro atatu afika pakhomo pa vaneti. Makompyuta akufa, amene ba Kampamba, eni sukulu ya mataipi ku Woodlands, anagula pa okishoni ya kampani ina yotseka. Pangano ndi ili: ndikatola ziwalo uku ndi uku n'kudzutsa imodzi pofika Loweruka m'mawa, ntchito yophunzitsa atsikana kompyuta ndi yanga. Ndikalephera apatsa mphwawo Killian, amene akuti anaionapo kompyuta pawindo ku Kitwe.

Chaka chatha ndili pakhomo ndi setifiketi yanga ya kosi ya kompyuta, ntchito kuima pamzere wa shuga. Ntchitoyi ndikuifuna zedi.

Ndawaika patebulo lodyera n'kuwapatsa maina. Gogo, wachikasu, wolemera ngati thumba la simenti. Bwana, wonyezimira. Chigamba, womatidwa tepi pambali. Amayi afunsa kuti tizidyera pati. Ndati pamphasa, monga kwawo ku Katete. Sanaseke.

Lachiwiri, 13 Malichi

Ndawatsegula onse. Kukosi tinali anthu makumi awiri pa kompyuta imodzi, ndipo m'mimba mwake tinasuzumiramo kawiri kokha. Komabe ndasankha ngati katswiri. Sikirini ya Gogo. Kiyibodi ya Chigamba, chifukwa enawo ndi agweru, mabatani anaguluka. Bolodi, amene ndi ubongo wake, sindinatsimikize. Bokosi logawa magetsi ndatenga la Bwana, loyera ngati lochokera m'shopu. Chigamba alibiretu lake, wina anazula kale.

Madzulo Atate abwera kuchokera kumsika wa Kabwata, kumene akhala akukonza mawailesi ine ndisanabadwe. Sanasuzumire n'komwe. Anyamula bokosi la Bwana, aliyeza m'manja ngati nkhuku ya kumsika wa Soweto, alinunkhiza.

"Ichi chinapsa kudala."

Atenga la Gogo, aligwedeza pakhutu. "Ichi nichamoyo, koma muli kawaya kanathawa."

Ndati, "Atate, iyi si wailesi."

Ati, "Malaiti saziba kuti ni kompyuta, mwana wanga."

Mdala ameneyu amanunkhiza chilichonse. Ngakhale Phineas uja ankandifunsira ndikukhulupirira anamukana ndi mphuno.

Lachitatu, 14 Malichi

Phu. Utsi.

Bokosi la Bwana lapita, ndipo lapita ndi bolodi wa Chigamba amene ndimayeserapo. Mwayi sindinayambire wa Gogo. Atate anali pakhonde. Angoimba mluzu nyimbo ya kutchalitchi mavesi onse, n'kuibwerezanso.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Awa agonera tsiku limodzi lokha.

Lachinayi, 15 Malichi

Ndatsegula bokosi la Gogo. Kawaya kalipodi, kowonda ngati ulusi, kakulendewera. Kakufunika kuwotcherera ndi mtovu, ndipo ine chitsulo chowotchereracho sindinachigwirepo. Kukosi ankatiphunzitsa kudina mabatani basi.

Ndameza manyazi, ndawapangira Atate tiyi wa shuga atatu, ndawapempha. Ntchito ya mphindi imodzi kwa iwo. Ati iwo sagwira zinthu zosalankhula. Ndachonderera. Ati mtovu unatha. Bodza, ndauona m'chitini chawo cha mabisiketi, mpukutu wathunthu.

Ndakwiya kwambiri. Chifukwa choti ndinati iyi si wailesi, munthu mpaka kumana mwana wake ntchito?

Masana ba Kampamba adutsa, n'kundipatsa moni m'chilankhulo chakwawo osatsika m'galimoto. "Shani, Eness? Yauka?" Ndati yatsala pang'ono. Ati, "Chawama. Killian agula na tayi."

Lachisanu, 16 Malichi

Tadzukira pamzere wa mafuta ophikira ndi Amayi. Ndakhala ndikudandaula za Atate kuyambira kumchira kwa mzere mpaka pafupi ndi khomo. Kenako Amayi atembenuka.

"Iwe na sukulu yako yonse, sunaone? Atate ako maso yasila. Ni ng'ala."

Akuti zinayamba isanafike Khirisimasi. Wailesi yofuna kuwotcherera tinthu tating'ono amaibweza kapena kuisunga, n'kumati zipangizo zikusowa m'dziko, ndipo anthu amakhulupirira poti chilichonse chikusowadi. Kutchalitchi akamawerenga mawu, Baibulo amangolitsegula mwaulemu, zonse zimachokera pamtima. "Usabauze kuti nakuuza," atero Amayi. "Bazachita manyazi."

Mafuta atha tisanafike. Sindinadandaule n'komwe.

Tsopano ndikukumbukira. Chala chimene amaika pamlomo pa kapu akamathira tiyi. Diresi langa lobiriwira limene analiyamikira kuti buluu wake ndi wabwino. Zonsezo ndinkaseka, ndinkawauzanso anzanga. Ndili ndi manyazi, ndiponso mantha, ndipo sindikudziwa chachikulu n'chiti.

Mawa ndi Loweruka. Kawaya kakadali kolendewera.

Loweruka, 17 Malichi

Ndikulemba podikira vaneti.

Ndinadzuka tambala wa a neba asanamalize, ndinatenga chowotcherera ndi mtovu "umene unatha" uja, n'kuyamba kuyeserera pa bolodi wakufa wa Chigamba. Ndinasiya chitseko chotsegula dala. Sipanapite nthawi, mphuno inafika, mwini wake pambuyo.

"Utentha maningi. Ufuna kuocha nyumba?"

Ndinati, "Atate, sindikufuna mundichitire. Mphunzitsi ayenera kudziwa yekha. Koma ndilibe wondigwirira kawayako."

Anakoka mpando. Chala chawo chinalowa m'bokosi la Gogo, chinayendayenda, n'kukapeza kawayako msanga kuposa momwe maso anga anakapezera. Anakagwira pamalo pake ndi chikhadabo. Dzanja linalo linagwira mkono wanga, lolimba ngati pulayazi.

"Mtovu pang'ono chabe. Ukanyezimila uniuze."

"Wanyezimira."

"Chotsa."

Anaununkhiza, anakoka kawayako pang'ono, anati kakhala. Ndinalumikiza zonse: bokosi ndi bolodi ndi sikirini za Gogo, disiki yosungira zolemba ya Bwana, kiyibodi ya Chigamba. Amayi anaima pakhomo la khitchini ndi ndowa ya madzi, kukonzekera utsi wina.

Ndinayatsa. Kafani kanazungulira. Atate anapendeketsa mutu. "Yapuma," anatero. Kenako kulira kamodzi, pii, ndipo pakona pa sikirini panatuluka kamzere kobiriwira, kakuphethira.

Ndinaiwala zonse. "Atate, onani!"

Atate anali akumwetulira, koma nkhope inaloza pambali pang'ono, cha kukabati ya mbale. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

"Niuze, Eness. Ioneka bwanji?"

Ndinawauza. Kamzere kakang'ono ngati njere ya mpunga, kobiriwira, kakuyaka n'kuzima, kudikira munthu alembe. Mawu anga ankatuluka mokhota. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akugwedeza mutu ngati akumvera kasitomala akufotokoza matenda a wailesi.

"Amai ako pakamwa," anatero. Amayi anathawira kukhitchini ndi ndowa yawo.

Vaneti ikuliza hutala panja. Atate avala jekete, akuti akandiperekeza ku Woodlands akanunkhize tayi ya Killian. Pomanga nsapato andiitana osadzutsa mutu.

"Pa Monday ukachoka ku nchito upitile ku msika. Kuli mawailesi seven yalindila maso."