Timafoloko Tomwe Ndinabzala Ngati Mbande

Okondedwa Bambo,

Ndikudziwa kuti mtima wanu suli m'malo. Achimwene anandiuza pafoni kuti chimvereni zoti kuntchito kwanga zinthu zavuta, mwakhala mukufunsa aliyense wotsika basi ngati sanandione nditasenza chikwama. Chikwama sindinamange. Koma zimene munamvazo sizinali zabodza, ndipo ndikufuna muzimve kuchokera kwa ine mwiniwake, mwatsatanetsatane, chifukwa inunso nkhaniyi ikukukhudzani.

Kaya inu mukupeza bwanji ndi chifuwa chija? Achimwene akuti mankhwala mumamwa pokhapokha Amayi akaima pambali panu. Chonde malizani onse. Nanga Amayi miyendo yasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, thupi lilibe podandaula.

Chipinda chija ndinasamukamo. Chimene ndikukhala tsopano n'chaching'ono, zenera lake limayang'anizana ndi khoma la okonza matayala, koma denga silidontha ndipo basi ya kuntchito imaima pafupi. Mayi eni nyumba ndi munthu wabwino, kungoti amandiseka tsiku lililonse. Akuti sanaonepo munthu wophunzira zaka zonsezo kuti azibwera kunyumba matope ali m'maondo, ndipo majombo anga anawaletsa kudutsa pakhonde.

Tsopano nkhani ya kuntchito. Pamunda pamene ndikugwira ntchito timalima tsabola ndi tomato, ndipo madzi amayenda m'timapaipi todontheza pa phando lililonse. Pampu sayatsa ndi munthu. Imayaka yokha ikauzidwa ndi tizipangizo tokwirira m'nthaka toyeza chinyontho. M'mabuku timatchedwa masensa, koma kuno aliyense amangoti timafoloko, chifukwa kalikonse kali ndi mano atatu achitsulo. Kafolokoko sikaona madzi monga diso limaonera. Kamatumiza kamphamvu ka magetsi m'dothi limene lakhudzana ndi mano ake, n'kumva mmene kamphamvuko kayendera, poti m'dothi lonyowa kamayenda mosiyana ndi m'dothi louma. Kenaka kamatumiza nambala kuofesi. Nambala ikatsika, ndiye kuti dothi lauma, pampu n'kuyaka.

Nditangoyamba, a manijala anandipatsa timafoloko khumi ndi tiwiri ndi chigawo chatsopano cha tsabola. Anandiuza mosabisa kuti miyezi itatu yoyamba ndi yondiyesa, ndipo tsabola ameneyo ndi amene adzandiyankhulire ngati ndikhale kapena ndizipita. Anandichenjezanso kuti mano a timafolokoto sachedwa kupindika.

Mawu amenewa ndi amene anandilowa kwambiri. Kusukulu tinkatiyesera m'ndowa ya dothi losefa, koma apa nthaka inali yolimba, ya timiyala, ndipo ndinaopa kuthyola. Ndiye manja anga anangochita zimene anazolowera kuchokera ndili wamng'ono. Ndinakumba kadzenje kotakasuka, n'kufikisa dothi ndi zala mpaka litasalala, n'kuchotsa timiyala tonse, n'kukhazika kafoloko pakati, n'kukwirira mopepuka osatsendera. Ndendende mmene munandiphunzitsira powokera mbande, kuti mizu isabanike. Tonse khumi ndi tiwiri ndinatibzala choncho, ndipo ndinabwerera kuofesi ndikudzitama mumtima kuti palibe dzino limene lapindika.

Kuyambira tsiku lomwelo manambala ankangonena kuti dothi ndi louma. Pampu inkayaka m'mawa, masana ndi madzulo. Pofika sabata yachitatu masamba a m'munsi anayamba chikasu, ndipo dzuwa likakwera tsabola ankafota. Ine poona kufotako ndinati ndi ludzu, n'kuwonjezera nthawi yothirira. Ndinaiwala kuti mbewu yomira m'madzi imafotanso, chifukwa mizu ikasowa mpweya imaleka kumwa.

Pamundapa pali amayi ena achikulire okonza mapaipi, timawatchula kuti a Sipanala chifukwa ngakhale popita kokadya sipanala imakhala ili m'thumba. Iwowa anandiuzapo kawiri konse kuti majombo awo akutitimira m'chigawo changa. Ine ndinawayankha mwaulemu ndithu kuti manambala akusonyeza kuuma. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa ngati kompyuta yangayo inayamba yavalapo majombo. Kuchokera apo ankangonditchula kuti mtsikana wa manambala, ndipo sanandichenjezenso. Safunsa anadya phula, Bambo, ndipo ine ndinadya lambiri.

Tsiku limene achimwene anamva ndikulira pafoni ndi limene a manijala anabwera m'chigawomo. Anazula tsabola mmodzi, n'kundionetsa mizu. Inali yoderapo, yofewa, ikununkha ngati nsanza yoiwalika m'beseni. Sanakalipe ayi, ndipo bola akanakalipa. Anangoti kwatsala masabata asanu kuti miyezi itatu ikwane, ndipo ngati tsabolayo afa sipadzakhalanso chokambirana.

Atachoka ndinagwada pamzere, osadziwa poyambira. Ndili chigwadire ndinangoona dzanja langa lalowa m'nthaka mpaka pamene pamafika mizu, latapa dothi, lafumbata. Nditafumbatula, dothi linali chibuma chonyezimira, zala zanga zitadindika, chikhatho chili nyowe. Pomwepo ndinakuonani inu m'maso mwanga, mutawerama m'dimba musanathirire, ine nditaima kumbuyo kwanu ndikunyinyirika kuti bwanji osangothira tizipita. Munkati dothi lizifunsidwa kaye. Ine masabata onsewo ndinkafunsa galasi la kompyuta, dothi lili pomwepo.

Ndinapita pa kafoloko koyandikira. Ndinakazula ndi zala ziwiri zokha, kanatuluka ngati sipuni m'shuga. Dothi la m'kadzenje kanga linali lotayana, lofumbutuka, pamene kungosuntha chikhatho chimodzi pambali panali matope. Apa ndipamene ndinamvetsa. Dothi lothinana limakoka madzi kuposa lotayana, choncho madzi odontha aja ankangolambalala kadzenje kanga. Komanso mano a kafoloko ankakhudza mpweya wambiri kuposa dothi, ndipo kwa kafoloko mpweya ndi chilala chenicheni. Sikanali kunama. Kankanena zoona za kadzenje kamene ndinakakonzera, osati za munda.

Ndinapita kukawafuna a Sipanala, n'kuwafotokozera mmene ndinatikwiririra. Anaseka mpaka anakhala pansi pa paipi yaikulu, misozi ili mbwembwembwe. Anandifunsa ngati ndimayembekezera kuti timafolokoto tiphuka n'kubereka masipuni, komanso ngati ndinakumbukira kutithira manyowa. Koma atamaliza kuseka anaimirira, n'kukatseka madzi a chigawo changa ndi sipanala yawo ija, n'kubwera ndi makasu awiri. Sanadikire kuti ndiwapemphe.

Tinayamba ndi kutikwirira mwatsopano. Njira yake ndi iyi. Umakumba dzenje pambali pa mzere, n'kusiya khoma limodzi losagumuka. Mano a kafoloko umawalasa cham'mbali m'khoma limenelo, pa msinkhu wa mizu, kuti alowe m'dothi losasunthidwa ndipo pasatsale mpata ngakhale wa tsitsi. Ukagunda mwala sukakamiza, umangosuntha pang'ono. Pokwirira umabweza dothi monga linalili, la pansi pansi, la pamwamba pamwamba, ukutsendera. Masiku awiri anatithera pa ntchito imeneyi.

Kenaka inatsala ntchito yeniyeni imene ndinayenera kuyamba nayo, yochuna timafolokoto. Mukudziwa kuti sikelo yatsopano munthu sayamba kugulitsira asanaikepo mwala wodziwika kulemera kwake. N'chimodzimodzi. Opanga timafoloko amatichuna ndi dothi la kwawo, pamene lathu ndi lina. Ngakhale m'chigawo changa chomwecho, kumtunda ndi kwa mchenga, kumunsi ndi kwa makande. Ndiye pamafunika kupeza madzi enieni amene ali m'dothi mwa njira ina yosakayikitsa, n'kuyerekeza ndi zimene kafoloko kakunena.

Tili ndi timphete tachitsulo, kalikonse kolowa dothi lofanana ndi mamililita 100. Umakhomera kamphete pafupi ndi kafoloko, pa kuya komweko, n'kulemba nambala imene kafoloko kakunena nthawi yomweyo. Dothilo umalitsekera m'kachitini kuti lisaume panjira, n'kukaliyeza pasikelo. Ukatero umaliika mu uvuni wa kuntchito tsiku lathunthu mpaka madzi onse atatha, n'kuliyezanso. Kulemera kumene kwachoka ndiwo madzi. Tsiku loyamba dothi la kumunsi linapepuka ndi magalamu 38, kusonyeza madzi 38 pa 100 alionse. Kafoloko kanga, kakadali kobzala ngati mbande, kankanena 17. Titakakwirira bwino kananena 33. Kanali katayandikira, koma kasanafike.

Kuyeza kamodzi sikukwana. Pamafunika dothi lili lonyowa kwambiri, lili pakatikati, ndiponso litauma ndithu, kuti uone ngati kafoloko kamaphonya mofanana ponseponse. Choncho tinkatenga dothi masiku atatu alionse pamene munda unkauma pang'onopang'ono. Kumchenga timafoloko tinkaphonya ndi imodzi yokha, koma kumakande tinkatsalira ndi zinayi kapena zisanu. Manambala onsewa ndinawalemba m'kope, n'kujambula mzere wa dothi lililonse, n'kuuza kompyuta kuti iziwongola moteromo. Kudikirako kunali kowawa, chifukwa tsiku lililonse ndinkadutsa pa tsabola wachikasu uja popanda china chomuchitira koma kumumana madzi.

A Sipanala anasandutsa ntchitoyi masewera. Ndisanaike dothi mu uvuni ankalifumbata n'kutchula nambala yawo. Mawa lake tikayeza, ankaphonya ndi ziwiri kapena zitatu basi. Ndiye anayamba kuuza aliyense kuti kampani inangovutika kugula timafoloko, ikanangowakwirira iwowo m'munda mpaka m'chiuno n'kuwapatsa ambulera. Ine ndinawauza kuti vuto n'lakuti iwo ndi amodzi, amaweruka madzulo, ndipo Lamlungu sabwera. Anavomera kuti pamenepo mtsikana wa manambala wanena zoona.

Mizere inayi ya kumunsi kwenikweni inafa, sitinathe kuipulumutsa. Yotsalayo inakhala masiku khumi osaonetsa mbali. Kenaka kunsonga kunayamba kutuluka timasamba tobiriwira, ndipo panopa maluwa ali mbuu.

Lolemba lapitali a manijala anandiitana. Anandifunsa chimene chinalakwika, ndipo ndinawauza zonse osabisa, ngakhale za mbande zija. Anatsegula kope langa la manambala, n'kuliwerenga tsamba ndi tsamba. Pomaliza anati kuchigawo cha tomato kuli timafoloko makumi anayi tomwe sitinachunidwepo chikwiririreni, ndipo ntchito imeneyo singathe popanda munthu wokhazikika. Anandipatsa kalata ya ntchito yokhazikika yoti ndisaine ndi kiyi wa chipinda cha uvuni. Ndinasaina n'kutuluka. Oyamba kuwauza anali a Sipanala, ndipo anangoti ndikagule majombo ena chifukwa awa akulowa madzi.

Bambo, musadandaule kuti kawokeredwe kanu ndi kamene kanandilakwitsa. Inu munandiphunzitsa kubzala zamoyo, ndine ndinakapereka ulemu umenewo kwa chitsulo. Koma pamene nzeru za m'kalasi zinandithera, chimene chinatsala m'dzanja langa ndi chimene munaikamo inu. Sindinakuthokozenipo pa m'mawa wonse uja munkandidzutsa kupita kudimba ine ndikukwiya. Lero ndikuthokoza. Zikomo kwambiri.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti juzi ija ikundithandiza pa basi ya m'mawa. Moni kwa achimwene ndi alamu anga, ndipo achimwene asiye kufalitsa nkhani asanamve mathero ake. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi ana onse pakhomopo.

Pempho langa ndi limodzi. M'kabokosi kamene kabwera ndi kalatayi muli kafoloko kogwira pamanja, kokhala ndi kagalasi koonetsa nambala. Kuntchito anagula tatsopano, ndipo aka a manijala anandilola kutenga. Inu uvuni simukuufuna. Sankhani bedi limodzi la anyezi, mulithirire mpaka likhute, muliphimbe ndi pepala la pulasitiki masiku awiri. Tsiku lachitatu mulase kafoloko m'dothi losatipula, mulembe nambala. Imeneyo ndi ya dothi lokhuta. Kenaka ngodya imodzi muimane madzi mpaka tsiku limene dzanja lanu lidzakuuzeni kuti apa anyezi wayamba kuvutika, mulembenso nambala. Mukakhala ndi ziwirizi, muzithirira nambala ikafika pakati pake.

Sindikunena kuti dzanja lanu lakalamba. Koma zitini zothirira zija mumazinyamula kuchokera kuchitsime maulendo ambiri patsiku, ndipo ndikuganiza kuti mwina ena mwa maulendowo ndi ongodzivutitsa. Ngati kafolokoka kangakuchotsereni ngakhale awiri okha, ine mtima ukhala pansi. Tayesani bedi limodzi lokha, mukapeza mpata, ndipo mundilembere manambala awiriwo. Ndidzawaika m'kope langa, tsamba loyandikana ndi la tsabola.

Mukhale ndi moyo wabwino mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu,
Mzime wa pakhomo