Abambo Sadzabwera ku Chiliza Chanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Area 3 tilipo. Mkazi wa achimwene Yohane anachira mu Meyi, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Kumudzi chimanga chachita bwino, koma mtedza unapsa ndi dzuwa.

Nkhani yaikulu ndi ya abambo. Kuiwala kuja munakusiya kukuyamba kwakula. Ine amandiitana dzina la achemwali awo. Dzuwa likapendeka amafunsa ngati mwaweruka kumsika.

Poyamba ndinkawauza zoona, poti inu munkati wabodza ndi wakuba ndi apachibale. Koma ndikawauza kuti munatisiya, ankalira ngati uthenga wangofika kumene. Kenako ankatulutsa mipando pabalaza kuti azimayi apeze pokhala, okha n'kukhala panja kudikira okhuza maliro. Poona kuti palibe akubwera, ankandifunsa kuti anthu tinawalakwira chiyani kuti mkazi wawo agone yekha. Lachinayi lina anatuluka pageti kuti akauze a mpingo. Anawapeza ndi mlonda wa nyumba yoyandikana nafe, ali pafupi ndi mlatho wopita kumsika, opanda nsapato.

Kuyambira tsiku limenelo ndimanama. Ndimawauza kuti tomato wachedwa kutha, mubwera. Amaseka n'kunena kuti inu simudziwa kutsitsa mtengo. Amadya, n'kugona.

Achimwene sakugwirizana nazo. Akuti mwezi wamawa, povundukula chiliza chanu, abambo apite nawo, akawerenge okha dzina lanu pamwalapo, chifukwa mwamuna wa malemu amayenera kukhala patsogolo. Akutinso abale anu atinena kuti tikubisa munthu. Achimwenewo ndawayankha mofatsa kuti iwo amabwera Lamulungu lokha, sanawagwirepo abambo akulira ndi chisoni. Abale anene zimene anganene. Abambo anakuperekezani kale kumanda, analira mokwanira. Sindilola kuti aferedwenso.

Ndiye tsikulo musatifunefune pagulu, Amayi. Ine ndi abambo tidzakhala kuno, ndikuwameta ndevu pakhonde. Ngati limeneli ndi tchimo, ndi langa, abambo alibe mlandu.

Mawa lake ndidzabwera ndekha. Ndidzasesa pamene mwagonapo, ndipo inu ndidzakuuzani zonse mmene zilili, osabisa kanthu.

Ndine mwana wanu amene amakukondani,
Esinati