Kagudumu ka Kamera ya Rokhaya

Guet Ndar, Saint-Louis
28 Juni 2024

Okondedwa mlongo wanga Ndella,

Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani bwino ku Valencia kumeneko. Ife kuno tadzuka, kupatula maondo angawa. Kalatayi akundilembera a Massamba oyandikana nafe, aja anapuma uphunzitsi, ndipo ndawapempha kuti asakongoletse mawu anga. Foni sindinaifune, chifukwa woigwira ndi mwana wanu Rokhaya, ndipo nkhani ndi ya iyeyo.

Ndinamva mmene munamukalipira Lachisanu lija. Munati ntchito ya ku Dakar yamuphonya chifukwa cha kusasamala kwake, ndiye monga munapanganirana, kamera igulitsidwe, iye apite ku Louga azikagulitsa nsalu m'sitolo ya alamu anu. Achemwali, khalani pansi kaye mumve. Ndilankhula pang'onopang'ono, poti mutu wanga sunakhazikikebe.

Anthu a mafilimu a ku Dakar aja anamuuza kuti awajambulire kulowa kwa dzuwa tsiku loti mawa ndi Tabaski, chikondwerero chathu chopha nkhosa, mabwato onse ali pamtunda, ndipo zikakoma amulemba ntchito. Mukudziwa nokha kuti mabwato athu sakhala onse pakhomo tsiku lina lililonse pa chaka.

Madzulo a tsikulo anandipeza ndikumwetsa nkhosa.

"Amalume, maso anu oona nsomba pansi pa madzi aja alipobe?"

"Alipo," ndinatero. "Anandithawa ndi mano okha."

"Ndiye lero ndinu wantchito wanga. Malipiro anu ndi chiwindi cha mawa."

Tinakwera padenga. Anaimika kamera pa miyendo yake itatu, yayang'ana kunyanja, nkulumikizapo kachipangizo ka chingwe, kakang'ono ngati sopo. Kameneko ndi kamene kamaiuza kamera kuti jambula, nkudikira masekondi asanu, nkuiuzanso. Tche... tche... kosatopa. Akuti zithunzi mazanamazana zimenezo akaziyendetsa mothamanga, dzuwa limatsika ngati munthu wolowa m'madzi kukasamba.

"Ako kasiyeni, kakudziwa ntchito yake," anatero. "Yanu ndi kagudumu aka. Kamera imadya kuwala. Kunja kukamada, iyenera kuyasama nthawi yotalikirapo kuti ikhute. Mukaona kamzere aka pagalasi katsetserekera kumanzere, dikirani ilire tche, kenako tembenuzani kamodzi. Kamodzi kokha, amalume."

"Kuti kufike mdima, ndiye kangati?"

"Mwina makumi awiri. Koma pang'onopang'ono, ngati mukumwetsa wodwala phala."

Atatero anatsikira kumchenga kukatenga mawu a mafunde ndi a amayi oyanika nsomba, poti filimuyo inkafunanso zimenezo.

Achemwali, kasanu ndi kamodzi ndinachita bwinobwino. A Massamba alembe zimenezo, ndinachita bwino. Kenako dzuwa linatsala chala chimodzi kuti likhudze madzi, ndipo pansi ndinaona anzanga akulowera kumzikiti. Chisiyireni kupita panyanja sindinaphonyepo swala ya magharibi pamodzi ndi anthu, ndiye ndiyambe kuphonya madzulo oti kukacha ndi Tabaski? Ndinaganizira masitepe aja ndi maondo angawa, ndiponso kuti ndikasambe kaye m'manja ndi m'mapazi. Kudikira azana, mfuu yoitanira ku swala, ndikanapeza atamaliza.

Ndiye ndinaganiza monga ndimachitira ndi nkhosa ndikamachoka pakhomo. Ndimaiikiratu chakudya chonse, imadya yokha ikamva njala. Khumi ndi kanayi kotsalako ndinatembenuza nthawi imodzi. Ndinawerenga mosamala, sindinadumphe ngakhale kamodzi. Pagalasi sindinayang'anenso. Ndinatsika mtima uli m'malo.

Pobwerako kunali kutada, kamera ikulirabe tche, tche, ndipo kamzere kaja kali pakatikati monga anafunira. Rokhaya atakwera anasuzumira nkuomba m'manja.

"Eee, amalume! Mabwana a ku Dakar alembe inu, ine ndizikunyamulirani chikwama."

Ine kuseka, kudzimva.

Tsiku la Tabaski, titatha kudya nyama, anatiitana tonse kuti tione pakompyuta. Mlongo wanga, chinthu chokongola chotere sindinachionepo. Mabwato athu ali ndondondo ndi mitundu yawo, ana akuthamanga ngati nyerere, dzuwa lofiira likutsika, likutsika. Litangotsala pang'ono kukhudza madzi, zonse zinangoti mbee! Kuyera ngati nsalu yokutira maliro. Nyanja palibe, mabwato palibe, dzuwa palibe. Tinadikira. Patapita nthawi mithunzi inayamba kubwerera pang'onopang'ono, koma dzuwa linali litalowa kale, popanda woliona.

Rokhaya anayang'anitsitsa manambala ena pansi pa zithunzi, kenako anatseka kompyuta.

"Ndalakwitsa ine penapake," anatero, nkupita kukatsuka mbale.

Masiku khumi ndinakhala chete. Ndinamumva akupepesa kwa anthu a ku Dakar. Ndinamumva akuti "pepani amayi" inu mukumukalipira, ine ndili pamphasa pomwepo, mikanda ya mapemphero ili m'manja. Mpunga wa nsomba umene amandiphikira ndinkadyabe. Ndinkadziuza kuti palibe amene anandiona, mwina kamerayo inali ndi matenda ake.

Dzulo ndinalephera kupirira. Ndinamupeza akusankha mpunga pakhonde.

"Rokhaya, mwana wanga, kagudumu kaja..."

"Khumi ndi kanayi, amalume," anatero osadzutsa mutu. "Nthawi ili 7:27."

"Wakuuza ndani?"

"Kamera imalemba zonse pa chithunzi chilichonse. Ndinaona tsiku lomwelo."

"Ndiye masiku onsewa ukudziwa? Bwanji sunanene?"

"Ndikanati chiyani kwa amayi? Kuti amalume andiwonongera ntchito popita kukapemphera? Inu munandilera iwo atachoka. Ndiponso wolakwa ndine. Ndani amasiya munthu wamkulu padenga nthawi ya swala?"

Ndinamufotokozera maganizo anga a nkhosa aja. Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Amalume! Kamera ya amayi anga mwaisandutsa nkhosa?"

Anaseka mpaka mpunga unatayika, misozi ikutsika, ndipo patapita kanthawi sindinadziwenso ngati kunali kuseka. Ine ndinangoima pamenepo, nkhalamba ya imvi, yobisala kumsana kwa mwana.

Ndella, anthu a ku Dakar anatenga wina, zimenezo sindingazibweze. Koma mwana wanu sanachite mosasamala. Zithunzi zonse za nthawi imene ndinamumvera zinali zabwino, ndinaziona ndi maso anga. Ngati pali woyenera kupita ku Louga kukapinda nsalu, ndine. A Massamba akuseka, koma ine sindikuseka. Mundikalipire mmene mungafunire, ndine wamkulu kwa inu koma ndidzamva mutu uli pansi. Kamera yokhayo musiyireni.

Mundiperekere moni kwa amuna anu ndi kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko. A Massamba akupereka moni, ndipo mwana wawo ndiye abweretse kalatayi, afika kwanuko pa 5 Julayi. Rokhaya sakupereka moni chifukwa sakudziwa kuti ndalemba. Panopa ali m'chipinda, akupukuta kamera ndi kansalu nkumaiika m'bokosi lake, poti wogula amene munamupeza uja akubwera pa 8. Chonde, mlongo wanga, muimbe tsikulo lisanafike.

Ine mlongo wanu,
Birame Dièye