Chipande cha Amama

Chikomeni,
Lundazi.
16 Juni

Alongo anga a Danwell,

Ndiuzeni inu amene munayamba kuona dzuwa: ndani anaika lamulo lakuti chipande cha munthu wakufa chisamatsukidwe? Linalembedwa m'buku liti? Ndafunsa aliyense pamudzi pano, ndipo onse amangondiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake mbuzi ili ndi miyendo inayi.

Pepani, ndayamba ngati wopanda mwambo. Monile. Muli uli kumeneko ku Solwezi? Alamu anga a Rosemary ali bwanji, mwendo uja unaphwa? Nanga Evans wayamba kuyenda, kapena akali kukwawa? Ine thupi lili bwino. Ankhazi a NyaMtonga alinso bwino, kupatula msana wawo wa masiku onse. Za adada ndiye nkhani ya kalata ino.

Ndalemba pa pepala chifukwa pa foni sindingathe. Netiweki yathu mukuidziwa, ya pachulu paja, pomwe aliyense wopita kudimba amamva zomwe ukulankhula.

Mukukumbuka pogawa katundu wa amama, adada anakaniza chinthu chimodzi chokha, chipande chija anawasemela okha chaka chomwe anakwatilana. Kuyambila pamenepo ankhazi, amene anasamukila kuno kudzaphikila mlongo wawo, amapakulila adada ndi chipande chimenecho basi. Akatha amachipukuta ndi khoko la chimanga n'kuchisomeka mu udzu wa denga la khitchini, pamwamba pa khomo. Sopo ayi, madzi otentha ayi. Ati chigwililo chake chinada ndi dzanja la amama, ndipo ukachitsuka wachotsa dzanjalo. Zaka ziwili, alongo anga. M'denga momwe makoswe amachitila misonkhano yawo.

Ine ndinabwela kuno mu Disembala ndi dipuloma yanga ya zaumoyo, kudikila kuitanidwa ntchito. Sindinafune kungokhala. Ndinathetsa zosamba m'manja m'beseni limodzi, momwe womaliza amasamba litsilo la anzake onse. Tsopano timathililana ndi jagi. Ndinamanga thandala loyanikapo mbale kuti agalu asamazinyambite. Mpeni wochekela nkhuku ndinaumanga kansalu kofiila kuti usakhudze masamba.

Ankhazi anadandaula kuti nyumba yasanduka chipatala. Azimayi pachitsime ananditcha a Inisipekita. Ndikamadutsa amabisa manja kumbuyo n'kumafuula kuti asamba kale, ndisawamange. Ndinkaseka nawo, chifukwa ena mwa iwo omwewo anayamba kumanga mathandala kuseli kwa nyumba zawo. Chilichonse ndinkachijambula pa foni, ndinkati ndikaonetse tsiku la intavyu kuti ndinasintha mudzi ndisanalembedwe ndi ntchito yomwe.

Chipande chokha ndicho chinandikanika.

Adada anatsegula m'mimba katatu m'dzinja lathali. Kachitatu tinawanyamula pa ngolo mpaka kukiliniki, anawaika dilipi. Sitinakuuzeni kuti musade nkhawa kumgodi. Enafe timadya chakudya chomwecho, kumwa madzi omwewo, koma osadwala. Chosiyana chinali chimodzi. Nditachitsitsa n'kuchiyang'ana padzuwa ndinaona mng'alu pakati pake, wodzaza zakuda zofewa, zonunkha ngati nsanza yonyowa.

Ndinawaonetsa ankhazi. Anati ndichibweze pomwe ndachitenga, ndipo sukulu yanga izithela pakhomo la khitchini. Ndinapita kwa adada. Anandimvetsela mpaka kumapeto osandidula mawu, kenaka anandifunsa kuti pa zaka zonse zomwe amama anandilela ndi chipande chimenecho, ndinafa kangati.

Tsopano mvetselani bwino.

Lachinayi, pa 5 mwezi uno, ankhazi anapita ku Umanyano, msonkhano wa azimayi kutchalitchi, adada ali kuchigafa kusankha fodya. Ndinatsitsa chipande, ndinachikwecha ndi sopo ndi waya wotsukila mapoto, kenaka ndinachiponya m'madzi owila. Cholinga changa chinali kuchibweza chili choyela, wina asadziwe. Madzi anada bii. Timphutsi tiwili toyela tinayandama. Mumtima ndinamva kukoma, mpaka ndinatenga foni kuti ndijambule.

Pomwepo chinang'ambika pakati. Koma kulila kwake, alongo anga, sikunali kwa mtengo. Mukukumbuka momwe amama ankatsonyela akapeza wina wasiya mphika wosavundikila? Ndinatembenukila pakhomo, pakamwa patayankha kale kuti mama. Panalibe munthu. Nkhuku zokha, nazonso zitaima chilili.

Mantha anandipusitsa. Ndinavuula zidutswa ziwilizo n'kuzisonkhezela pamoto. Mtengo wonyowa suyaka msanga, koma izi zinayaka ngati udzu wa mu Okutobala.

Ankhazi atabwela anafufuza denga lonse. Ndinati mwina agalu atenga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti agalu a kuno sanaphunzilebe kukwela denga. Ndinatulutsa chipande cha pulasitiki chomwe ndinagula ku boma kalekale, chikudikila tsiku lake. Anapakulila chomwecho.

Adada anasamba m'manja, anakhudza mtanda umodzi ndi chala, n'kufunsa kuti wapakula ndani. Ankhazi anati ndi iwo, monga masiku onse. Adada anati ayi, m'chakudya umu mulibe munthu. Anavundikila mbale n'kuikankhila kutali.

Ndinati ndi mkwiyo wa tsiku limodzi, njala iwabweza. Sinawabweze. Tayesa phala, mbatata, nkhuku, ndi chindongwa chomwe kale ankachimwa mpaka kupendeketsa chikho. Ankhazi anabweleka chipande cha mtengo kwa a Carol apafupi nafewa, koma adada anadziwa mbale isanavundukulidwe. Amamwa madzi basi. Sakalipa, sadandaula, amangoti akhuta. M'mimba munasiya kutsegula, inde. Ndinapambana. Mulibe choti chituluke.

Ndinawakweza pa njinga yamoto mpaka kuchipatala ku boma. Anawayeza magazi, shuga, chifuwa, sanapeze kanthu. Anati nkhalamba zimatelo zikamaganiza kwambili, tiziwanyengelela. Anatipatsa mapilitsi obweletsa njala. Mapilitsiwo amameza bwinobwino.

Zomwe ndilembe apazi, mukanandiuza inu chaka chatha ndikanakusekani.

Tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu, pamalo paja pankasomekedwa chipande pamadontha madzi. Dontho limodzi, kenaka lina, mpaka pansi panyowa ngati pomwe panaikidwa chikho. Uno ndi Juni, mvula inatha mu Epulo. Ndinakwela pa mtondo, ndinapisa dzanja mu udzu mpaka m'chigongono. Wouma gwa, fumbi lokhalokha. Dzanja lili momwemo, dontho linandigwela pa phazi. Linali lofunda.

Madziwo akangoyamba, adada amadzuka okha pa mphasa, munthu amene m'mawa timachita kumugwiliza popita kuchimbudzi. Amakhala pa kampando kawo kuyang'ana khomo la khitchini, n'kuitanitsa madzi osamba m'manja. Ndimawathilila. Kenaka amatambasulila dzanja pansi pomwe palibe mbale. Amatema, amaumba, amasunsa, amatafuna. Pakhosi pamayenda. Nthawi zina amaseka pang'ono ngati wina wawauza nkhani. Akatha amati yewo NyaZimba, monga ankawathokozela amama, n'kuitanitsanso madzi.

Mkulu wa mpingo, a Gerald, anabwela kudzapemphela tsiku lina masana. Anapeza adada ali pakati pa kudya kwawoko. Adada anawalandila mwaulemu n'kupepesa kuti sangawaitanile chifukwa mkazi wawo wapakula za munthu mmodzi. A Gerald anapemphela mwachidule kuposa kale lonse, ndipo chisoti chawo chikali kuno.

Lachitatu lathali ndinati ndichite monga anandiphunzitsila kukoleji, kuona ndi maso osati kumva za anthu. Ndinatsuka beseni ndekha, ndinaliumitsa padzuwa. Ndinayang'ana manja a adada asanayambe, ndinawawenga ndi zikhadabo zomwe. Anali oyela. Sindinachotse maso pa iwo mpaka anati yewo. Ndiye ndinawathilila madzi a m'jagi.

M'beseni munatsika nyenyeswa za nsima. Pamwamba panayandama mafuta a nsinjilo ndi kachidutswa ka chiwawa, ndiwo ya masamba a maungu ija. Pakhomo pano sitinaphike chiwawa chotendela chiyambile Meyi. Ndinanunkhiza. Chinali chopselela pang'ono, monga amama ankachipselezela dala chifukwa adada amakonda choncho.

Ndinakhala pansi ndi beseni pamiyendo mpaka ankhazi anandilanda n'kukataya kuseli. Atabwela ndinawaululila zonse. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mbama. Anati anadziwa tsiku lomwelo atapeza sopo watha theka. Anati chipande chija ndicho chinkawagwila alamu awo, amama athu, kuti azipakulila mbali ino. Tsopano alibe chogwila kuno, akupakulila kwawo, ndipo munthu wodya za uko sachedwa kusamuka. Ndinati zimenezo si sayansi. Anati chabwino a Inisipekita, ndiwauze sayansi ya chiwawa.

Sindikudziwa chomwe ndikukhulupilila tsopano. Ndikudziwa kuti m'chipande muja munali zodwalitsa, ndinaziona ndi maso, ndipo palibe amene angandisinthe pamenepo. Nthawi ikanabwelela ndikanachitsukabe. Koma ndikanachitsuka ndi madzi ofunda, pang'onopang'ono, adada ali pomwepo, ngakhale zikanatenga chaka kuwanyengelela. Ndinafulumila chifukwa ndinkafuna khitchini yonse ioneke yoyela pa zithunzi intavyu isanafike. Ndanena. Sindinkaganiza za adada okha ayi.

Lamba wawo taboola mabowo awili atsopano. Mawu awo akuchepa tsiku ndi tsiku, moti uyenela kuwelama kuti umve. Kalata yondiitana ku intavyu ku Chipata inafika, ya Lachisanu likubwelali. Ndaiika pansi pa matilesi.

Chonde bwelani. Pemphani tchuthi kumgodi, muwauze zoona kuti bambo anu akutha. Musatumize shuga kapena mankhwala m'malo mwa inu, zimenezo zilipo. Inu adada amakumvelani, ine amandiona mwana. Ndiponso inu munaphunzila kusema kwa iwo, ndipo ankhazi akuti chitsa cha mlombwa womwe anadulako chipande chija chinaphukanso kumunda wakale. Mwina mukasema inu, iwo akuona, akulangiza pogoba ndi posalaza, adzachilandila. Sindikudziwa. Mukafika mundikalipile momwe mungafunile, ndidzagwada osayankha.

Mundipatsile moni alamu anga, muwauze kuti asandiweluze asanandione. Evans mumunyamule m'mwamba m'malo mwa ine. Ankhazi akupeleka moni, ati mubwele ndi jekete chifukwa kuno kwazizila. Chiuta akusungeni pansi pa nthaka pomwe mumagwila ntchitopo, ndiponso pa msewu wautali wobwela kuno.

Ndisanapinde pepalali, pali chimodzi chomwe ndakhala ndikuchizungulila. Mwaona kuti zilembo zanga zapotoka. Ndi matuza.

Dzulo ndinaphika ndekha, msanga, dzuwa lisanafike pamutu, kuti ndiwayambilile amene amabwelawo. Chiwawa ndinakapempha kudimba kwa a Carol, ndinachitendela, n'kuchisiya chipselele pang'ono. Ndinatsegula sutikesi ya amama, ndinavala chitenje chawo chobiliwila ndi duku lake. Ankhazi atandiona anagwila pakamwa n'kutuluka panja. Ndinasamba m'manja ndi sopo kawili, pakuti zimenezo sindisiya. Chipande cha pulasitiki ndinachisiya pa thandala. Ndinaviika dzanja m'madzi ozizila n'kupakula ndi chikhatho changa, mitanda itatu.

Ndinagwada pambali pa adada monga ankagwadila amama, chammbali, nkhope pansi. Kumbuyo kwanga ndinamva dontho loyamba likugwa. Sindinacheuke. Adada anakhudza mtanda ndi chala, akuyang'ana ine, akuyang'ananso pakhomo kupyola phewa langa. Kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti NyaZimba, ndiwe kodi, bwanji lelo wafulumila.

Ndinavomela, alongo anga. Ndinati ndine, idyani. Anadya mtanda umodzi ndi theka. Ine ndinakhala chogwada pomwepo, msana wanga utatsekeleza khomo la khitchini, mpaka madzi anasiya kudontha.

Ndine mlongo wanu,
Linah