Chingwe cha Mfundo Zitatu

Lamulungu, 1 Juni 2025
Mvula kuyambira m'mawa. Denga likudontha pomwe paja. Potuluka m'tchalitchi aSosten anandikokera pambali. "Achimwene, mwana wanu Selina akuyankhula za inu ku Lilongwe, anthu akumvera pa foni." Akuti podikasiti. Zaka zisanu ndi zinayi osandiimbira, chichokereni maliro a mayi ake amene sindinapiteko chifukwa chosowa mapepala okhalira kuno ku Joni. Koma nthawi youza alendo za ine ali nayo.

Lolemba, 2 Juni
Ku Noordhoek kwa abwana, kudulira mpanda. Ndinatenga wailesi yanga, kuzunguliza masiteshoni onse. Chixhosa, Chibunu, nyimbo. Selina mulibe. AMonica, ogwira ntchito m'nyumba mwa abwana, anaseka mpaka kugwira khoma. Akuti podikasiti si wailesi, ilibe ola, ilibe siteshoni. Umatunga nthawi imene wafuna ngati pa mpopi. Andiikira mu foni kuseri kwa galaja, pomwe wayifayi ya abwana imafika. Kukopera pompo, kukamvera kunyumba, deta isapse. Andionetsanso batani lolembetsa, kuti zatsopano zizibwera zokha. Ndakana. Asaone dzina langa ngati ndikupempha.

Lachiwiri, 3 Juni
Ndamvera mu minibasi ndi tam'makutu ta aMonica. Mawu ngati a mayi ake. Pulogalamu yake ndi ya ana amene abambo awo anapita ku Joni. Gawo lachisanu ndi langa. Nsapato. Akuti ali ndi zaka khumi ndi zinayi ndinamutumizira nsapato za mwana wa zaka eyiti. "Bambo anga sankadziwa ngakhale phazi langa." Mnzake wa pa pulogalamupo kuseka. Iyenso kuseka. Ndinapitirira siteji yanga, n'kubwerera wapansi, mvula ili wa.

Lachisanu, 6 Juni
Ndabwereza kanayi. Sasintha ngakhale liwu limodzi. Bola wailesi, chipongwe chimadutsa n'kupita. Ichi ndikuyenda nacho m'thumba.

Za chingwe sananene. Sakuzidziwa. Tsiku lonyamuka ku Ntcheu, 2004, ali ndi zaka zisanu, ndinamuyeza phazi ndi chingwe chosokera thumba la feteleza. Chaka chikatha ndinkamanga mfundo patsogolo pang'ono, n'kupita nacho ku shopu. Masaizi ine wa Sitandade 4 ndiwadziwira kuti? Chingwe chinatha pa mfundo yachitatu. Ndinachidula chachifupi poti ndinkati zaka zitatu ndibwerera. Kuyambira pamenepo ndinkangogulira mfundo yomalizayo. Mayi ake pa foni: "Zafika, zikomo." Chaka ndi chaka, zafika, zikomo. Osanena kuti sizikulowa. Lero wopusa ndine, pamaso pa dziko.

Lolemba, 9 Juni
Kuseri kwa galaja. Ndasamba m'manja, ndavula chipewa, ndadina batani lija. Lasintha mtundu. Tsopano aone: Douglas Chimbalanga, wokhala ku Masiphumelele. Bambo ake wagogoda. Kutsegula ndi kwake.

Lachinayi, 12 Juni
Foni yodzadza moto. Ndikutchetcha kapinga ili m'thumba la malaya, pamtima, kuti ikanjenjemera ndimve. Amene anandiimbira ndi aSosten okha, za kwaya.

Lachitatu, 18 Juni
Masiku asanu ndi anayi. Gawo latsopano labwera lokha monga ananenera. La bambo wa munthu wina. Ndinafunsa aMonica ngati dzina limachedwa kufika ku Malawi. Ulendo uno sanaseke. "Madala, iye saona dzina. Amangoona nambala ya omvera." Ndiye ndinavulira chipewa nambala. Anali mazana angapo, awonjezekera mmodzi. Mwina sanazindikire n'komwe.

Lachinayi, 19 Juni
Bondo likuwawa. Ndinati ndidinenso batani lija, ndidzichotse. Chala chinaima. Ndikachoka, Lachitatu sindimva mawu ake. Zaka zonsezi ndinalibe ngakhale chipongwecho.

Loweruka, 21 Juni
Ndamvera gawo lija mpaka pothera, kumene ndinkazimitsa kale nyimbo ikangoyamba. Amatchula nambala ya foni. "Ana anzanga, tumizani mawu anu, tiwaulutsa." Ana. Abambo sanaitanidwe.

Nambalayo ndailemba pa chikuto cha kope lino. Chingwe chili pa bondo, chada, mfundo zitatu zilipobe. Ndajambula mawu kawiri, ndafufuta kawiri. Koyamba ndinakalipa. Kachiwiri ndinanamizira malemu mayi ake. Akaulutsa, aSosten ndi mpingo wonse amva. Amve.

Kachitatu ndingomufunsa saizi imene amavala pano, kenaka nditumiza.